Wolawa Madzi a Kazembe Njati

Padangotero, inu muli apo ine ndili pano, kunagwa chilala choumitsa ndi malovu omwe m'kamwa. Nyama za m'dambo lina zinasonkhana n'kugwirizana zosamukira kumtsinje waukulu, ulendo wa masiku ambiri. Zinapangana kuti m'njira musakhale kudyana kapena kupondana, zazikulu ndi zazing'ono ziyende ngati mbumba imodzi. Zinasankha Njati kukhala kazembe wa ulendowo, ndipo iye anasankha Nguluwe kukhala nduna yake.

Ndisamunamizire Njati. Mkango ukabwera sankabisala kumbuyo kwa wina, ndipo minga ya m'njira ankaithyola ndi chifuwa chake kuti anzake adutse. Koma anali nayo nthenda ija ya akuluakulu, yoona anzawo ngati nyemba za m'lichero, zoti zingapo zikatayika ndiwo ziphikidwabe.

M'gululo munali Nagama, likongwe wamkazi wakuthwa pakamwa. Ankayenda ndi mwamuna wake Kamtedza, ndiponso mng'ono wake Dziwenji amene anali ndi pakati potopa.

Tsoka linayambira pathamanda loyamba. Alenje a dera limenelo ankathira utomoni wa nkhadze m'mathamanda ena kuti nyama ikamwa igwe, ndipo m'madzi amatope chiphecho sichinkaoneka kapena kununkha. Mbawala ziwiri zinathamangira kutsogolo n'kumwa. Pamene gulu lonse linkafika, zinali zikuphupha kale pansi.

Njati anaitanitsa msonkhano pomwepo.

"Kuyambira lero, pathamanda lililonse azimwa mmodzi poyamba," anatero. "Nduna izizika ndodo n'kulemba mzere pansi. Mthunzi wa ndodo ukafika pamzerewo womwayo akadali moyo, tonse timwa. Akafa, tipitirira. Afe mmodzi, mazana apulumuke."

"Mmodziyo azisankhidwa bwanji, Kazembe?" anafunsa Kamtedza.

"Ndi maere. Ine sindikondera."

Nguluwe anabweretsa mphonda yokhala ndi timiyala toyera, kamodzi kokha kakuda. Wotola kakudako ndiye womwa. Nyama zinavomera kuti chilungamo ndi chimenechi, koma Nagama anayandikira n'kusuzumira pakamwa pa mphondayo. Panali pochepa, polowa kadzanja ka gologolo basi.

"Pepani Kazembe, chiboda chanu chilowa bwanji apa?"

"Sichilowa."

"Nanga cha a Ntchefu? Cha a Mbidzi? Cha a Nduna omwe anyamula mphondawa?"

"Mphonda sindinaiumbe ndine, mayi. Inamera choncho."

"Mphonda imakulitsidwa pakamwa, Kazembe. Ndipatseni mwala, ndiikonze pompano."

Njati anafwenthera pansi mpaka fumbi linadzuka. "Tamvera iwe. Thupi laling'ono limaonetsa chiphe msanga. Wamkulu angamwe lero n'kudzagwa mawa, nonse mutamwa kale."

"Mbawala zija zinadikira mawa?"

"Ndipo ndikafa ine, mkango adzautchinga ndani? Iweyo?"

Zaziboda zonse zinagwedeza mitu kuti Kazembe walankhula zanzeru. Zikanalekeranji kugwedeza? Chili kwa mnzako umati chigwire nyanga. Kamtedza anakoka mkazi wake mchira kuti akhale pansi, ndipo Nagama anakhala, mtima ukuwira.

Pathamanda lachiwiri zazing'ono zinaima pamzere, Nguluwe akugwedeza mphonda. Kamwala kakuda kanatuluka m'dzanja la Gologolo. Pamenepo Nguluwe anayambitsa nyimbo imene anaipeka yekha m'njira. Inali yotamanda wathupi laling'ono koma wamtima waukulu, yolonjeza kuti dzina lake silidzaiwalika mpaka mvula idzatha kumwamba. Iye ankatsogolera, zaziboda zikuyankha ndi kuponda pansi mwamphamvu mpaka fumbi koboo. Inali nyimbo yokoma, ndipo n'chimene chimandinyansa nayo. Gologolo anayenda m'fumbimo, anamwa, ndipo mthunzi usanafike ndi pakati pomwe anali atauma.

"Wafera mtundu," anatero Njati. "Tiyeni."

Pathamanda lachitatu kanagwera Mbira. Nyimbo ija inaimbidwanso, Mbira anamwa, anakhala pambali pa ndodo akuyang'ana mthunzi ukukwawa ngati nkhono. Utafika pamzere iye akupumabe, zaziboda zinathamangira m'madzi, ndipo mmodzi mwa oimba aja anamuponda mwendo osacheuka n'komwe. Zazing'ono zinamwa pomaliza, madzi atasanduka phala.

Pathamanda lachinayi Kamtedza anapisa dzanja m'mphonda, analitulutsa, osalitambasula. Nagama anadziwa.

"A Kamtedza, tayani kamwalako tithawe," ananong'ona.

"Tithawire kuti, Nagama? Mlamu wangayu ayenda yekha m'tchire ndi mimbayi? Mwina madziwa ndi abwino."

Nguluwe anaikweza nyimbo, ziboda zinagunda pansi, ndipo Kamtedza anamwa. Anabwerera n'kukhala pafupi ndi mkazi wake. Poyamba ankaseka, akuti madziwo akoma ngati uchi. Kenako anasiya kuseka. Thovu linatuluka m'kamwa, msana unapindika, zikhadabo zinakanda pansi, ndipo anafera m'manja mwa Nagama maso ali tong'o.

Njati anabwera n'kuima pamwamba pawo, mthunzi wake utaphimba maliro ndi wolira yemwe.

"Pepa mayi. Mwamuna wako wapulumutsa mazana. Uzinyadira."

"Ndizinyadira?"

"Utsogoleri ndi wowawa. Ukuganiza kuti ine sizindipweteka?"

"Zikukupwetekani pati, Kazembe? Ndionetseni pamene pakupweteka ndikuthoweni."

Njati anatembenuka n'kulamula kuti ulendo upitirire, poti dzuwa silidikira maliro. Nagama anapempha kuti amukwirire kaye mwamuna wake, koma Nguluwe, amene mphuno yake ikanakumba manda m'kanthawi kochepa, anati mphamvu zake akusungira gulu. Alikongwe awiriwo anakanda okha kadzenje, anamuika Kamtedza, n'kuthamangira gulu lisanawasiye.

Masiku awiri anayenda osaona dontho. Malilime anatupa, ana anayamba kugwa m'njira.

Tsiku lachitatu, dzuwa lili paliwombo, anafika pathamanda lachisanu. Pambali pake panali chulu chakale chobowokabowoka. Nguluwe anagwedeza mphonda, ndipo woyamba pamzere anali Dziwenji. Anapisa, anatulutsa, ndipo kamwala kakuda kanagwa pansi.

"Achemwali," anatero Dziwenji.

Nagama analumphira kutsogolo. "Kazembe, mwanayu ali ndi pakati."

"Lamulo silisuzumira m'mimba."

"Lamulo lanu lomwe likuti afe mmodzi. M'mimba umu muli atatu, iyeyu wachinayi. Kodi Kazembe wathu wasiya kudziwa kuwerenga?"

Apa Nagama anali atamukola Njati ndi chingwe chake chomwe.

"Ndimwa ine m'malo mwake," anatero Nagama. "Ndine mmodzi, wamasiye, wopanda wondilira. Koma ndipempha chinthu chimodzi. Poti nyumba yathu yapereka awiri, nyimbo ija muiimbe katatu, mwamphamvu, kuti a Kamtedza akaimve kumene ali."

"Mwamva?" anafuula Njati, chifuwa chili patsogolo. "Uwu ndiye mtima umene ndimafuna! Nduna, katatu!"

Nagama anakumbatira mng'ono wake ngati akutsanzikana, n'kumunong'oneza m'khutu. "Fumbi likakwera, uuze aliyense wa dzanja lolowa m'mphonda kuti asowe. Wa mumtengo akwere, wa kuuna alowe. Asatuluke wina mpaka ndiitane ine. Ndikapanda kuitana, ndiye kuti ndafa, ndipo musabwererenso kwa amenewa."

Nyimbo inayamba. Ulendo woyamba fumbi linafika m'mawondo, wachiwiri linafika m'misana, wachitatu panalibe woona mnzake. Zaziboda zinkaimba ndi mtima wonse za dzina losaiwalika, maso ali pamadzi. Nagama anafika pathamanda, anagwada, n'kumwa. Anamwadi, osati zonamizira, mpaka mimba inadzaza, poti ludzu nalonso linali litamupha. Fumbi likutsika, onse anamuona akupukuta pakamwa. Kenako anathamanga n'kulowa m'chulu muja psiti.

Nguluwe anazika ndodo, analemba mzere, n'kupita pauna. "Iwe Nagama, tuluka ukhale poonekera."

"Kunja kukutentha, a Nduna. Ndifere pamthunzi."

"Ukumva bwanji m'mimba?"

"Mukulira."

"Kulira kwa chiphe kapena kwa njala?"

"Mimba yanga silankhula bwino Chinguluwe. Bwerani muimvere nokha."

Njati anakankha nduna yake n'kuika mphuno pauna. "Mayi iwe, usasewere ndi miyoyo ya mazana. Tuluka!"

"Ndamwa, Kazembe, monga mwa lamulo. Kodi lamulo linanenanso pofera?"

Atatero anakhala chete. Anakwawa m'njira za m'chulumo, anatulukira kuuna wa kuseri, n'kubisala pansi pa chitsamba pamene ankaona zonse. Pamenepo ndi pamene mantha anamugwira. Ankamvetsera m'mimba mwake, akuyembekeza kupota kumene kunapinda mwamuna wake. Ankayesa malovu ngati ayamba thovu. Mthunzi unakwawa, unakwawa, mpaka unakhudza mzere. Nagama anapeza kuti akupumabe, ndipo anatseka pakamwa pake ndi manja onse awiri.

"Nagama!" anaitana Nguluwe. Zii.

"Kumba!" analamula Njati.

Mphamvu zosungira gulu zija zinapezeka tsopano. Nguluwe anafukula chulu chonse mpaka mphuno inatuluka magazi, koma sanapeze mtembo, sanapezenso wamoyo.

"Bweretsa mphonda, achite maere ena," anatero Njati.

Nguluwe anagwedeza mphonda n'kuitana mzere. Panalibe mzere. Panalibe mbira, panalibe changa, panalibe ndi mbewa yomwe. Panatsala zaziboda zokhazokha, zitazungulira madzi, malilime ali lende, kuyang'ana mphonda imene palibe mmodzi wa izo akanapisamo.

Mwana wa Mbidzi anagwa pansi n'kulephera kudzuka. Nagama anamuona, ndipo chinamubaya mumtima, poti anadziwa kuti tsopano nayenso wagwira moyo wa mwana wa mwini kuti akole nawo Njati. Liwu limodzi lokha likanamudzutsa mwanayo. Anadziuza kuti adikire pang'ono pokha, ndipo anadana nawo mawu amenewo poti ankamveka ngati a Kazembe.

Mbidzi, mayi wa mwanayo, ndiye anayamba. "Kazembe, afe mmodzi, mazana apulumuke. Munanena ndinu."

"Ndinanena."

"Ndiye imwani."

"Ine? Ndikafa adzakutsogolerani ndani?"

Ntchefu, wamkulu wa zaka kuposa onse, anayankha mosakweza mawu. "Mtsinje uli kolowera dzuwa, Kazembe, aliyense pano akudziwa. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Ife tinaimbira ana a eni ake, lero tikuimbirani inu."

Nguluwe anayang'ana uku ndi uku, anaona kumene mphepo yalowera, n'kuyamba nyimbo ija. Ziboda zinayankha. Njati anayenda kupita kumadzi. Iye amene ankaima maso ndi maso ndi mkango anafika m'mphepete, anaweramitsa mutu mpaka ndevu zinanyowa, koma sanamwe. Mkango umauona, umaubaya, ukhoza kuugonjetsa. Apa panalibe chobaya. Anaima choncho nyimbo mpaka inatha, kenako anadzutsa mutu pakamwa pali gwa.

"Ndaganiza bwino," anatero. "Madzi awa ndi okayikitsa. Tipitirire, thamanda lina lili patsogolo."

"Patsogolo pake ndi masiku awiri," anatero Mbidzi. "Mwana wangayu safika."

"Ena adzafika."

Mawu amenewo zaziboda zinali zitawamva kangapo konse, koma nthawi zonse ankanenedwa za ana a ena. Mbidzi ananyambita mwana wake pamphumi, anadutsa pambali pa Njati osamuyang'ana, n'kulunjika kumadzi kuti amwe yekha.

Nagama sanathenso kupirira. Analumphira pamwamba pa dothi la chulu chija n'kukuwa. "Imwani, mayi! Madzi ndi abwino! Mwetsani mwanayo! Dziwenji, tulukani nonse!"

Zazing'ono zinatsika m'mitengo, zinatuluka m'mauna, ndipo tsiku limenelo zinamwa limodzi ndi zazikulu, madzi asanavunduke. Mwana wa Mbidzi anamukokera m'mphepete, anamwa, n'kudzuka. Njati naye anaviika mutu wonse, kumwa mochita kulira kukhosi, wopanda ndi manyazi omwe.

Atakhuta anatembenukira Nagama maso ali psuu. "Wasewera ndi gulu lonse iwe. Mwana uja akanafa chifukwa cha iwe."

"Akanafadi, ndipo ndikapepesa kwa mayi ake, osati kwa inu," anayankha Nagama. "Koma ine ndinayamba ndamwa. Kwathu wopereka chikho ndiye amayamba kulawa, kuti alendo aone kuti mulibe kanthu. Inu mwatipatsa zikho zinayi, Kazembe. Mwalawa chiti?"

Ntchefu anaponda mphonda ija n'kuiphwanya. Anagamula kuti Njati akhalebe patsogolo poti njira ya minga ikumufuna, koma wotsogola m'njira azitsogolanso pamadzi. Akakana, achoke ayende yekha. Njati anayang'ana gulu lonse kufuna womuikira kumbuyo, koma ngakhale Nguluwe anali kalikiliki kupukuta mphuno yake.

Panatsala mathamanda atatu. Pa lililonse Njati ankafika, ankamwa nyanga za Ntchefu zili kumbuyo kwake, n'kukhala pambali pa ndodo thukuta lili kamukamu. Mukuganiza kuti chinamuchitikira n'chiyani? Palibe. Onse atatu anali abwino. Dziko ili lilibe manyazi. Gologolo anamwa kamodzi n'kufa, Kamtedza anamwa kamodzi n'kufa, koma chimphona chija chinamwa katatu osamva ndi kupota kwa m'mimba komwe.

Pofika kumtsinje waukulu, Nguluwe anali atayamba kale kufalitsa mbiri ya kazembe wolimba mtima amene ankalawira anthu ake madzi. Nyama za kumtsinjeko, zimene sizinaone kanthu, zinkabwera kudzamuona Njati ndi kumugwadira, ndipo zina mwa zoyenda naye zomwe zinayamba kuikumbukira nkhaniyo momwemo.

Dziwenji anabereka ana atatu, onse amoyo. Nagama anali pakhomo pa una akuwayang'anira pamene Njati anadutsa ndi omutsatira ake. Anaima, atanenepa kale, khungu likuwala.

"Mayi, tisasungirane mangawa," anatero mokoma, kuti omutsatira amve. "Taona, tafika. Tinanyamuka mazana, tafika mazana. Lamulo langa linatayitsa awiri okha. Awiri! Ndiuze, ndi mtsogoleri uti akanachita bwino kuposa apa?"

Nagama anamuyang'ana kuyambira kuziboda mpaka kunyanga.

"Awiriwo ndani, Kazembe?"

"Ndani chiyani?"

"Mayina awo. Munawaimbira kuti sadzaiwalika. Atchuleni."

Njati anacheukira Nguluwe, Nguluwe anayang'ana pansi.

"Panali kaja ka mchira waubweya," anatero Njati, "ndi winayo, wachibale wako uja."

"Anali mwamuna wanga," anatero Nagama. "Ndinamukwirira ndi zala izi inu mukuyenda. Chokani pakhomo pano, mukutchingira ana dzuwa."

Njati anachoka, omutsatira ake ali pambuyo, ndipo asanafike patali anali atayamba kale kukamba zina. Nagama analowa kuuna, ananyamula kamwana kakamuna pa atatu aja, n'kuuza mng'ono wake kuti aka ndiye sadzapisa dzanja m'mphonda ya munthu aliyense, ngakhale amuimbire chotani.

Yanga yathera pamenepa. Amene yamuwotcha aiphule yekha.